Fomu ya Nyundo

Dzuwa lidali litapendeka, koma mphepo ya fumbi imene idayamba m'mawa idali isanaleke. Inkalowera pansi pa chitseko n'kumatukula ngodya ya pepala limene lidali patebulo, mpaka Kalaliki adalipsinja ndi kapu. Pepala limenelo ndilo lidautsa mkangano m'nyumbamo. Idali fomu ya ku usilikali. Mng'ono wake wa Kalaliki, amene aliyense ankamutcha Nyundo chifukwa cha ntchito yake yakale yowotcherera zitsulo, ndiye adabwera nayo atamaliza miyezi isanu ndi umodzi ya maphunziro oyamba. Pafomupo padali mizere itatu yoti msilikali watsopano alembepo magulu amene akufuna kulowa, kuyambira limene walikonda koposa.

"Unenenso, mwina makutu angawa akalamba," adatero bambo awo uku akuvula magalasi. "Miyezi yonseyi akhala akukugubuduza m'matope, akumeta mpala, kuti mapeto ake ukagwire fosholo?"

"Si fosholo yokha, bambo," adayankha Nyundo. "Gulu la amisiri limamanga milatho, limakonza misewu, limawotcherera. Ndi ntchito imene manja angawa akuidziwa kale."

"Nanga unapitiranji ku usilikali? Maganyu atha kunja kuno?"

Bambowo adali telala. Kwa zaka makumi atatu makina awo adakhala pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi geti la kampu ya asilikali, ndipo padalibe baji imene sidadutse pansi pa singano yawo. Ankadziwa gulu lililonse ndi mtundu wa chisoti chake, ndipo ankadziwanso mmene anthu amachionera chisoti chilichonse. Asilikali odumpha m'ndege, a zisoti zofiira ndi baji ya mapiko pachifuwa, akamadutsa mumsewu a njinga ankapatuka okha. Amisiri akamadutsa atakwera pamwamba pa lole ya mchenga, anthu a pakhondepo ankawatcha aganyu ovala yunifolomu. Zonsezi bambowo adazifotokoza ngati kuti ana awo sadakulire pakhonde lomwelo, ndipo adamaliza ndi kukumbutsa kuti mwana wa mnzawo wosoka nsapato adavala chisoti chofiira chaka chatha, mnyamata amene ali mwana ankathawa ngakhale nkhuku ya anapiye.

Nyundo adaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, nati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Adati iye wawaona pafupi a zisoti zofiirawo: ambiri mawondo amawathera asanafike zaka makumi atatu, ndipo kukabuka nkhondo kwina kulikonse, oyamba kukwezedwa ndege ndi iwowo. Kampu ya amisiri idali ulendo wa ola limodzi pa basi. Okwatira ankapatsidwa nyumba. Ndipo tsiku lovula yunifolomu munthu ankatuluka ndi ntchito m'manja.

"Ndiye ndi mantha," adatero bambowo.

"Ndi mwana akubwerayu, bambo."

Onse adayang'ana kukhomo la kukhitchini, kumene mkazi wa Nyundo adaima atatsamira khoma, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Adayamba kunena mwaulemu zimene iye akadakonda, koma apongozi akewo adakweza dzanja osamuyang'ana n'komwe.

"Mayi, nkhani za usilikali si za kukhitchini. Inu mwabwera pakhomo pano dzulodzuloli."

Amayi a anyamatawo, amene nthawi yonseyi ankapinda zovala pakona, adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: wokadumpha m'ndegemo ndi mwanayo, osati makolo ake. Bambowo adayankha kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndi kuti nyumba imene akazi amasankhira amuna zisoti siyenera kukhala ndi msilikali. Kenaka adatembenukira kwa mwana wawo wamkulu.

"Iwe wophunzira, wangoti duu ngati mlendo. Muuze mng'ono wakoyu."

Kalaliki adayang'ana kapu ija. Iye adali munthu woopa phokoso, wozolowera kuyeza mawu ake katatu asanawatulutse. Adaphunzira ku koleji, ndipo ankagwira ntchito m'kasitolo kotayipa makalata ndi kuchita fotokope, kumene dzina lakelo lidachokera. Adati mbali zonse ziwiri zili ndi nzeru yake, ndipo nkhani yotere imafuna kuigonera. Bambo ake adatsonya. Nyundo adamuyang'ana nthawi yaitali.

M'mawa mwake Nyundo adamupeza Kalaliki kuseri kwa nyumba akupukuta nsapato. Tchuthi cha Nyundo chidali cha masabata atatu, ndipo adali atalonjeza makolo a mkazi wake kuti akawakonzera denga mvula isanayambe. Fomu ija inkafunika ku ofesi ya pageti pofika Lachisanu, yotayipa, pamodzi ndi makope a masatifiketi. Adaitsamiza pakhoma, nasaina m'munsi mwake mizere yonse ili yosalemba, n'kuipereka kwa mkulu wake. Padalibe chachilendo pamenepo. Umu ndi mmene zinkayendera m'banjamo chichokere Kalaliki ku koleji: fomu ya kuchipatala, ya chiphaso, ya ukwati wa Nyundo womwe, mwini wake ankangosaina n'kusiyira wodziwa zolembayo kuti adzaze zotsala.

"Amisiri pamzere woyamba, achimwene. Iwiri inayo muisiye, kapena mulembepo zophika, zilibe kanthu." Adamwetulira. "Dzulo munandisiya ndekha, koma sindikudandaula. Pakamwa panu m'polemera, koma zala zanuzo sizinama."

Adanyamula chikwama cha zida zake, nalawira mkazi wake, amene sakadatha ulendo wa basi wautali, n'kumapita.

Lachitatu masana bambo awo adalowa m'kasitolo kaja, tepi yoyezera ili m'khosi. Sadali munthu wosiya makina ake dzuwa lili pamutu. Adakhala pabenchi la makasitomala, nadikira mpaka munthu womaliza atatuluka. Sadakalipe monga adachitira kunyumba, ndipo zimenezi n'zimene zidamuvuta Kalaliki koposa. Adalankhula motsitsa, maso ali pansi.

"Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinaima pamzere pageti lomwe lija. Anandiyeza chifuwa ndi tepi ngati iyi, n'kundiuza kuti chaperewera zala ziwiri. Zala ziwiri zokha. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikusokerera mapiko pa zifuwa za ana a eni ake. Sindinakuuzenipo, chifukwa si nkhani yokoma." Adakhosomola. "Pakhonde paja onse akudziwa kuti mwana wanga wamaliza maphunziro. Akundifunsa tsiku ndi tsiku. Ndikawauze chiyani? Ndizimuona akudutsa pa lole ya mchenga, anzanga akukodolana, ine ndili pa makina?"

Kalaliki adati fomuyo ndi ya Nyundo, ndipo mwini wake wanena kale chimene akufuna. Bambowo adati Nyundo ndi mwana, wangomvera za mkazi. Adati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ukulu wa munthu umaoneka pamene akuwongola mng'ono wake, mng'onoyo asakufuna. Sakumutuma kukaba kapena kukapha. Akumupempha mawu atatu pa mzere umodzi. Potuluka adaima pakhomo, nati ngati ana awo onse awiri awakana, iwo anyamula makina pakhonde paja n'kukawatsekera m'chipinda, ndipo pasadzapezeke wowafunsa chifukwa.

Kalaliki adakhala nthawi yaitali akuyang'ana fomuyo. Kukana bambo ake sakadatha, kupereka mng'ono wake sakadathanso, ndipo monga amachitira anthu ochenjera akapanikizika, adapeza njira yachitatu. Chaka chathacho iye yemwe adatayipa mafomu oterewa okwana makumi anayi. Ankakumbukira bwino kuti anyamata oposa theka adalemba zisoti zofiira pamzere woyamba, koma mwa onsewo adatengedwa atatu okha. Otsalawo adapatsidwa gulu la pamzere wachiwiri. Nyundo adali wojintcha, wolemera thupi, wopanda liwiro. Sakadamutenga. Akalemba zisoti zofiira poyamba, amisiri pachiwiri, bambo aona ndi maso awo kuti mwana wawo wayesa, akuluakulu a kukampu amukana, Nyundo alowa kumene akufuna, ndipo m'nyumba mukhala mtendere popanda wina kugonja. Adaitembenuza nzeruyo uku ndi uku osaipeza pobooka. Adatayipa, nachita kope limodzi losunga monga mwa chizolowezi chake, napita nayo pakhonde. Bambo ake adavala magalasi, nawerenga mzere woyamba wokha. Sadathokoze. Adangomugwira paphewa, chinthu chimene sadachitepo chikulire Kalaliki. Lachinayi m'mawa fomu idalowa mu ofesi ya pageti.

Sabata yotsatira mlamu wake, mkazi wa Nyundo, adadzera kusitoloko pochokera ku sikelo ya amayi oyembekezera. Adakhala pabenchi kuti apume, nayamba kucheza momasuka, zimene kunyumba sankachita. Adati wamva kuti nyumba za kukampu ya amisiri zili ndi mpopi pakhomo, ndi kamalo kuseri koti munthu n'kudzalapo masamba. Adati iye safuna zambiri, koma kuti mwana wake adzadziwe fungo la bambo ake, osati chithunzi cha pakhoma.

"Alamu, ndikudziwa kuti tsiku lija simukanatha kuyankhula pamaso pa bambo. Sindinakhumudwe ayi. Amuna anga anandiuza kuti nkhani ili m'manja mwanu, ndiye ine ndimagona tulo."

Kalaliki adawerama, nanamizira kutulutsa pepala lokanirira m'makina.

Madzulo a tsiku lomwelo kudabwera mayi wina kudzachititsa fotokope ya chiphaso. Mwana wake adaphunzira limodzi ndi Nyundo. Poyembekezera pepala lake, mayiyo adati akuthokoza Mulungu kuti wake adasankha zoyendetsa galimoto, chifukwa chaka chino ku zisoti zofiira kulibe mwana wa munthu amene akukufuna. Anyamatawo adamva ali kumaphunziro kuti gululo lataya anthu ambiri ku nkhondo ya dziko lakutali, ndipo atsopano akangophunzira kudumpha, akwera ndege kukatseka mipata. Mayiyo adanena zimenezi monga munthu amanenera za mtengo wa sopo, natenga pepala lake n'kutuluka.

Kalaliki adatsegula kabati mmene ankasungamo makope. Mafomu ambiri a chaka chino adabwera Lachinayi ndi Lachisanu, anthu ali pamzere mpaka panja, ndipo iye adawatayipa mothamanga, maso ake akusamala zilembo osati zimene zilembozo zinkanena. Tsopano adawawerenga limodzilimodzi. Oyenda pansi, oyendetsa galimoto, achipatala, amisiri, amisiri, amisiri. Pa mafomu onsewo, zisoti zofiira zidali pamzere woyamba pa fomu imodzi yokha.

M'mawa mwake adafika pazenera la ofesi ya pageti isanatsegulidwe. Msilikali wa mu ofesimo, wa udindo wa kopolo, amene ankamudziwa chifukwa chobweretsa mafomu, adamumvetsera uku akutafuna chotokosera m'mano. Kalaliki adati pa fomu ina padachitika cholakwika potayipa, ndipo akupempha kuti aikonze. Kopolo adati mafomu onse adapita ku likulu Lachisanu lomwelo. Adafunsa ngati mwini fomuyo adasaina, ndipo atamva kuti adasaina, adati ndiye palibe cholakwika, chifukwa pamwamba pa siginecha pamanena kuti mwini wake wawerenga zonse ndipo ndi zoona.

"Nanga ngati anasaina isanalembedwe?" adafunsa Kalaliki. "Tingoyerekeza."

Kopolo adachotsa chotokosera chija mkamwa. "Tikangoyerekeza, msilikali wosaina pepala losalemba walumbira bodza, ndipo amavula yunifolomu tsiku lomwelo. Wolemba zakezake pamwamba pa siginecha ya mnzake, ameneyo ndi mlendo wa apolisi. Ukufuna tipitirize kuyerekeza, Kalaliki?"

Kalaliki adati ayi, nathokoza, n'kubwerera kuntchito.

Masiku otsatirawo chakudya chinkamukanika. Kawiri konse adalemba uthenga pafoni woti atumize kwa Nyundo, kawiri konse adaufafaniza. Ankadziuza kuti mwina amukanabe chifukwa cha thupi lija, kuti mayi uja mwina adangomva za m'maluwa. Bambo ake, amene pa zaka zonsezi sadamvekepo akuimba, adayamba kung'ung'udza nyimbo posamba. Amayi ake adamufunsa ngati akudwala, iye nati ndi fumbi la mapepala. Lamulungu Nyundo adabwerako, zikhato zitachekekachekeka ndi malata, atanyamula kabedi ka mwana kamene adawotcherera yekha ndi zitsulo zotsala. Adakaika pakati pa balaza kuti aliyense akagwedeze aone kulimba kwake.

Lolemba m'mawa mayina adamatidwa pa bolodi la pageti. Kalaliki adaima kumbuyo kwa gulu la anthu mpaka mpata utapezeka. Mndandanda wa zisoti zofiira udali waufupi, ndipo dzina la mng'ono wake lidali lachitatu. M'munsi mwake mudalembedwa kuti onse otchulidwawo afike pageti Lachisanu m'mawa ndi katundu wawo. Adapita kusitolo, natulutsa kope lija m'kabati, nalipinda n'kuliika m'thumba la malaya. Masana atakwana adatseka, nalunjika kunyumba.

Adawapeza onse pabalaza. Bambo ake adali ataweruka msanga, atakhala pampando wawo, nkhope ikuwala ngakhale ankayesetsa kuibisa. Mlamu wake adakhala pansi, miyendo atatambasula, maso ali gwa. Nyundo ankayendayenda, akumulimbitsa mtima ndi mawu okwera kuposa mmene ankalankhulira masiku onse. Ankati akalaliki a ku likulu ndi otero, amasokoneza mayina tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani yotere imatha ndi pepala limodzi.

"Si awa afika. Achimwene sataya kanthu, ngakhale lisiti la sopo amasunga. Kope lija muli nalo, eti? Tiyeni tikawaonetse asanaweruke."

Kalaliki adayang'ana bambo ake. Iwo adapukusa mutu pang'ono, mosaonetsera. Adamva chimene ankamuuza: anene kuti kope lidasowa, mlandu ugwere ofesi imene ilibe nkhope, abale akhalebe abale. Bodzalo lidali lapafupi, ndipo palibe akadalitulukira. Koma mng'ono wake adali atatambasula kale dzanja, dzanja lochekeka lija, mopanda kukayika kulikonse. Kalaliki adapisa m'thumba, natulutsa pepalalo.

Nyundo sankawerenga mofulumira. Adayendetsa chala pamzere woyamba, natsikira pa wachiwiri, nabwereranso pa woyamba.

"Izi munalemba ndinu?"

"Ndine."

"Ndinakuuzani kuti chiyani kuseri kuja?"

Kalaliki adayamba kufotokoza. Adanena za mafomu makumi anayi a chaka chatha, za atatu okha amene adatengedwa, za mzere wachiwiri umene udayenera kugwira ntchito. Pamene ankalankhula, iye yemwe ankamva kuchepa kwa mawu akewo, ngati munthu amene akufotokozera mwini nyumba yopsa kuti machesi adali aang'ono. Amayi ake adasiya zimene ankachita. Adati mapanga awiri avumbwitsa, koma zachilendo n'zakuti wothamangira mapangawo ndi wina, wovumbwa ndi wina.

"Musamudzudzule mwanayo, ndinamutuma ndine," adatero bambowo, akudzikonza pampando. "Ndipo sindikuchita nazo manyazi. Iwe Nyundo, lero ukuona ngati takulakwira, koma tsiku lidzafika, utavala mapiko pachifuwa, udzabwera pakhonde paja kudzandigwira dzanja. Mwayi uwu ena amaulirira zaka. Chaka chatha anatenga atatu okha, wamva wekha. Iwe akutenga ulendo umodzi."

"Mukudziwa chifukwa chake malo achuluka chaka chino, bambo?" adafunsa Nyundo.

Nyundo adayang'ana mkazi wake, kenaka amayi ake, ngati akupepesa. Mawu ake adatsika.

"Mwezi wathawu anatidzutsa ife ophunzira kuti tikatsitse katundu m'ndege. Anali mabokosi. Khumi ndi anayi. Pa lililonse anaikapo chisoti chofiira. Anatiuza kuti tisakanene kunja, ndipo ine sindinafune kunena pamaso pa amayi ndi pa munthu wodwala pakatiyu. Ndinaganiza kuti ndikangoti sindikufuna, zikwana, chifukwa moyo wake ndi wanga. Mukamufunse mnzanu wosoka nsapato kuti mwana wake anaimba liti foni komaliza."

Bambowo adavula magalasi, nawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, nawavalanso. Adati si onse amene amafa, msilikali ndi msilikali, imfa imapeza munthu ngakhale pamphasa. Koma mawuwo adatuluka opanda msana, ndipo padalibe adawavomera. Amayi aja adawayang'ana amuna awo monga munthu amayang'anira chinthu chimene wakhala nacho zaka zambiri osachidziwa. Adati iwo adabereka mwana, sadabereke baji yoti munthu azisokerera pa mtima wake wobooka.

Kalaliki adati apita yekha ku ofesi tsiku lomwelo, akanena zonse, akavomera kuti adalemba zimene mwini fomu sadamutume. Chimene chimugwere chimugwere.

"Ndiye kenaka?" adafunsa Nyundo. "Malamulowo ndikuwadziwa kuposa inu. Inu akutsekerani, ine andivula yunifolomu chifukwa chosaina pepala losalemba. Mwanayu abadwe bambo ake ali lova wothamangitsidwa ku usilikali, amene palibe angamulembe ntchito, bambo ake aakulu ali kundende. Mukuona ngati mwakonza?" Adapinda pepala lija bwinobwino, naliika patebulo. "Ndinasaina ndine. Ndipita."

Mkazi wake sadalire. Adadzuka movutikira, atagwira khoma, nayang'ana Kalaliki.

"Alamu, tsiku lija ndimakuuzani za mpopi ndi masamba, munali mutalemba kale?"

"Ndinali nditalemba."

Adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati wamva chinthu chimene chimangofunika kuchisunga, nalowa kuchipinda. Nyundo adayamba kumutsatira, koma adaima pakhomo, osatembenuka.

"Bambo ndikuwamvetsa. Iwo zawo ananena poyera, ine zanga ndinanena poyera. Koma inu, achimwene, mukanangondiuza kuti simungathe. Ndikanalemba ndekha ndi zilembo zanga zokhotazi. Akanaseka, koma akanawerenga."

Masiku atatu otsalawo Nyundo adawathera pa ntchito za pakhomo. Adakonza loko wa chitseko cha chipinda chawo, nasanja nkhuni zokwana miyezi, napenta kabedi kaja. Pachakudya ankayankha amayi ake, ankayankhanso bambo ake mwaulemu wonse. Kalaliki akalowa, iye ankapeza chochita panja. Bambowo ankapitabe pakhonde m'mawa uliwonse, koma anthu adayamba kunena kuti telala wakalamba, chifukwa ankakhala nthawi yaitali phazi lili pa chopondera, makina osalira. Wosoka nsapato atabwera kudzawayamikira, iwo adangoti zikomo, osamuyang'ana m'maso.

Lachisanu kudacha kozizira, mitambo itatsika. Pageti padaima lole yokutidwa ndi tenti, injini ikulira, ndipo anyamata ochepa amene mayina awo adatuluka ankalawirana ndi abale awo m'timagulu. Nyundo adagwira dzanja la bambo ake ndi manja awiri, monga adamuphunzitsira ali mwana. Bambowo adakonza kolala ya mwana wawo, imene idali yowongoka kale. Nyundo adawapempha amayi ake kuti asalole mkazi wake kunyamula ndowa. Ndi mkazi wakeyo adapatuka naye pambali, nalankhula naye nthawi yaitali motsitsa, chipumi chake chitatsala pang'ono kukhudza cha mkaziyo.

Kalaliki adaima payekha pafupi ndi ngalande. Adali atakonza mawu ake masiku atatu, kuchotsa ena, kuwonjezera ena, mpaka adatsala ochepa amene ankakhulupirira kuti ndi oona. Mng'ono wake atatembenuka kuti azipita, iye adamutsekera njira.

"Mphwanga, ndinakulakwira, ndipo palibe chimene ndinganene choti chichepetse. Sindikupempha kuti undikhululukire lero. Mlamu ndi mwana ndiziwayang'anira mpaka udzabwere. Chilichonse chimene angafune, usadere nkhawa, uchisiye m'manja mwanga."

Atangotula mawu omalizawo adamva kulemera kwake, koma adali atatuluka kale. Nyundo adamuyang'ana. M'maso mwake mudalibe ukali. Mudali kutopa kokha, ndi kena kake konga chisoni cha munthu amene akuona nyumba imene adakuliramo itagulitsidwa. Sajeni adaliza wezulo. Nyundo adakweza chikwama chake paphewa, namulambalala mkulu wake, n'kulowa pageti.